ZA KUMAIKO AKUTALI: Funde Limene Linadza Pakati pa Usiku

Kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi kuli nyanja imene amalinyero amaiopa kupambana zina zonse. Kumeneko mphepo imaomba kucokera kumadzulo, ndipo imazungulira dziko lonse popanda mtunda wakuichinga, kotero kuti mafunde amayenda ulendo wautali ali kukulirakulira. Pa nyanja imeneyo, m'caka ca 1916, amuna 6 anayenda makilomita pafupifupi 1,300 m'bwato losafika mamita 7 m'litali mwake. Mtunda umenewo upambana wocokera ku Chipata, kudzera ku Lusaka, kukafika ku Livingstone.

Sanapite mwa kufuna kwao. Combo cao, cochedwa Endurance, cinapanidwa ndi madzi oundana m'nyanja ya Weddell, niciphwanyika, ndipo cinamira mu November 1915. Anthu onse 28, pamodzi ndi mtsogoleri wao Bambo Ernest Shackleton, anakhala miyezi pamwamba pa madzi oundanawo kufikira mu April 1916, pamene anakoceza pa cisumbu ca miyala yokhayokha cochedwa Elephant Island. Panalibe mudzi, panalibe mtengo, ndipo panalibe munthu kwao wodziwa kuti ali kumeneko. A Shackleton anasankha anzao asanu kuti akapemphe cithandizo ku cisumbu ca South Georgia, kumene kunali anthu ogwira nchito yakupha anangumi. Anthu 22 anatsala, moyo wao uli m'manja mwa opitawo.

Mmisiri wa matabwa, Bambo Harry McNish, anakweza m'mbali mwa bwato, naphimba pamwamba pake ndi nsalu yolimba ndi zivundikiro za mabokosi. Ming'alu anaimata ndi zingwe za nyale, utoto, ndi mwazi wa nyama ya m'nyanja yochedwa seal. Pansi anadzazapo miyala kuti bwato lisagubuduzike. Analipatsa dzina lakuti James Caird, ndipo ananyamuka pa 24 April.

Masiku otsatira anali a kunyowa ndi cisanu. Madzi anali kudontha pa iwo usana ndi usiku, zobvala sizinaume ngakhale tsiku limodzi, ndipo ogona anali kugonera pa miyala ija. Madzi a mafunde akagwa pa bwato anali kuundana pomwepo, bwato niliyamba kulemera ndi kutitimira. Pamenepo munthu anali kuturuka cokwawa, dzanja lina litagwira, lina liri kugumula madzi oundanawo, akudziwa kuti akaterereka palibe wakumbweza. Wodziwa njira, Bambo Frank Worsley, anali kuyesa malo ao poyang'ana dzuwa ndi cipangizo cochedwa sextant, koma pa ulendo wonsewo anatha kutero kanai kokha. Akadaphonya cisumbuco, patsogolo pao panalibe mtunda wina kufikira ku Africa.

Pa 5 May, pakati pa usiku, a Shackleton anali pa ciongolero. Anaona mzera woyera m'mwamba cakummwera, ndipo anauza anzao kuti mitambo iri kukanganuka. Posacedwa anamva mkokomo, nazindikira kuti coyeraco sicinali thambo ai, koma thobvu la pamwamba pa funde. Munthu ameneyu anali atayenda panyanja zaka 26, ndipo pambuyo pake anasimba kuti sanaonepo funde lotere. Anapfuula kuti ali yense agwiritsitse. Bwato linanyamulidwa niliponyedwa kutsogolo, ndipo litaturuka m'thobvumo linali lodzala madzi kufikira pakati. Onse anagwira mapoto ndi ciri conse cotungira, nakapa madzi ngati amisala kufikira bwato linayambanso kupepuka.

Nkhani zotere amalinyero akhala akuzisimba ciyambire kale, koma akatswiri a za nyanja anali kuzimva monga momwe anthu amamvera mlenje wosimba kukula kwa njati imene inamthawa. Masamu ao anali kunena kuti funde loposa anzake motero silingaoneke kawirikawiri. Kukaika kumeneku kunali ndi mtengo wake, pakuti zombo zimamangidwa molingana ndi mafunde amene omanga akuwayembekezera. Mu December 1978 combo cacikuru ca ku Germany, München, cinasowa m'nyanja ya Atlantic pamodzi ndi anthu 28. Kabwato kake kopulumukira, kamene kanali kukhala mamita 20 pamwamba pa madzi, kanapezeka katazulidwa pamalo pake, zitsulo zake zitapindika. Umboni weniweni unadza pa 1 January 1995, pamene makina oikidwa pa nsanja ya Draupner, m'nyanja ya North Sea, anayesa funde la mamita 25.6, pa tsiku limene mafunde ena akuru anali a mamita 12. Tsopano cidziwika kuti mafunde angapo akakumana nthawi imodzi amasanjikana, ndiponso kuti madzi oyenda mwamphamvu akakumana ndi mafunde odza mowatsutsa amawaimiritsa ciriri, monga zimacitikira kufupi ndi gombe la South Africa. Funde la a Shackleton palibe analiyesa, koma lero palibe cifukwa cowayesera abodza.

Mabvuto ao sanathere pomwepo. Mbiya ina ya madzi akumwa inapezeka italowa mcere, ndipo ludzu linatupitsa malilime ao. Pa 8 May anaona mapiri a South Georgia, koma sanathe kukoceza cifukwa ca matanthwe. M'mawa mwake munagwa namondwe woopsa amene anali kuwakankhira ku matanthwe omwewo tsiku lonse. Pambuyo pake anamva kuti namondwe yemweyo anamiza sitima ya matani 500 yocokera ku Buenos Aires. Iwo, m'kabwato kao ka matabwa ndi nsalu, anakoceza pa King Haakon Bay pa 10 May.

Tsoka lake, anthu anali kukhala tsidya lina la cisumbu. A Shackleton, a Worsley ndi a Tom Crean anakwera mapiri a madzi oundana maola 36, nafika ku Stromness pa 20 May. Katatu konse anayesa kukatenga otsala aja, koma madzi oundana anatseka njira. Kacinai, pa 30 August 1916, sitima yaing'ono ya ku Chile yochedwa Yelcho inafika pa Elephant Island, nipeza onse 22 ali moyo.

Bwato lija lisungidwa pa sukulu ya Dulwich College ku London. Mmodzi wa asanu ndi mmodzi aja, Bambo Timothy McCarthy, amene anzace anamtama cifukwa ca kusadandaula kwace pa ulendo wonse, anabwerera kwao napeza nkhondo yaikuru iri mkati. Anafera panyanja mu March 1917, combo cimene anali kugwiramo nchito citaomberedwa ndi Ajeremani.