ZA GALIMOTO YA MABWANA YOGULA YAKALE: KALATA IMENE SIIDZAKUPEZANI

Sabata ino tiyeni ticeze za magalimoto, makamaka aja a mabwana amene munthu agula atayenda kale.

Ambiri a inu mukasunga ndalama zaka zingapo mufuna kukafika kwanu pa galimoto yanuyanu, ndipo palibe colakwa pamenepo, pakuti ndalamazo munazikhetsera thukuta. Tsono pa malo ogulitsira magalimoto akale mupeza cinthu cokopa mtima: BMW kapena Mercedes-Benz ya zaka 15 kapena 20 igulidwa ndi ndalama zocepa koposa kagalimoto kakang'ono katsopano. Mipando yace njacikopa, citseko citsekeka mwaulemu, injini ilira bwino. Munthu ayang'ana mataya, aponda mabuleki, azungulira nayo kamodzi, nati, "Iyi ndiyo yanga." Koma paja akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Ziripo zirema zina zimene galimoto inacoka nazo ku fakitale, zimene diso lanu silingazione, ngakhale makanika wodziwa nchito yace sangazione. Opanga magalimoto akazindikira cirema cotere aitana eni ace onse a mtundu umenewo kuti abwere kudzakonzetsa ulere. Pa Cingerezi kuitana kumeneku akucha recall. Funso langa lero ndi ili: inu amene muli mwini wacitatu kapena wacinai, kuitanako kudzakupezani bwanji?

THUMBA LA MPWEYA

M'kati mwa ciongolero, ndiponso kutsogolo kwa mpando wa wokwera, muli thumba lopindidwa limene alicha airbag. Galimoto ikagunda cinthu thumbalo lifufuma msanga koposa kuphethira kwa diso, kuti mutu ndi cifuwa zisamenye polimba. Cimene cilifufumitsa ndi kacitini kacitsulo kokhala ndi mankhwala. Pa ngozi mankhwalawo apsa naturutsa mpweya wambiri. Ndi cinthu cabwino, ndipo capulumutsa anthu osawerengeka.

Kampani ina ya ku Japan, dzina lace Takata, inali kupanga timacitini timeneti ndi kugulitsa kwa opanga magalimoto ambiri. Ca m'ma 2000 inayamba kuikamo mankhwala ochipa ochedwa ammonium nitrate. Kwa inu a m'migodi dzina limeneli si lacilendo ai. Ndi mankhwala omwe aja amene asakaniza ndi dizilo kupanga ANFO yophulitsira miyala, ndipo alimonso m'fetereza wa CAN amene abale athu athira m'cimanga kumudzi. Ali yense amene anagwirapo nchito ndi ophulitsa adziwa kuti mankhwala amenewa sagwirizana ndi madzi, ndi kuti sasungidwa pali ponse.

Tsono taganizani. Mankhwala otere atsekeredwa m'kacitini nakhala m'galimoto zaka 10 kapena 20, usana kutentha, usiku kuzizira, cinyezi ciri kulowa pang'onopang'ono. Timibulu tace tionongeka, ndipo tsiku la ngozi tipsa tonse nthawi imodzi mwaukali wopitirira muyeso. Kacitini kaja kaphulika, ndipo zidutswa zacitsulo ziulukira kumaso ndi kukhosi kwa woyendetsa. Ngozi yaing'ono, imene munthu akadaturuka wamoyo kukakangana ndi mnzace za nyali yosweka, isanduka maliro. Kumene kuli kotentha ndi kwa cinyezi, monga ku Durban, ku Beira kapena m'mbali mwa nyanja, ndi kumene mankhwala otere aonongeka msanga.

M'caka ca 2014 ku Orlando, m'dziko la America, mai wina anapezeka m'galimoto yace ya Honda atacita ngozi, ali ndi mabala akuya pakhosi. Apolisi poyamba anayesa kuti munthu wamubaya ndi mpeni. Maiyo anamwalira, ndipo patapita sabata imodzi kalata ya kampani inafika kunyumba kwace yonena kuti apite kukasinthitsa airbag. Kalata inafika, koma mwini wace anali atapita.

MMENE NKHANI INAKULIRA

Kuitana koyamba kunacitika mu November 2008, pamene Honda inaitana magalimoto ngati 4,000 okha. Mu June 2014 bungwe la boma la America loyang'anira za citetezo pa mseu, lochedwa NHTSA, linayamba kufufuza litamva nkhani 6 za timacitini tophulika ku Florida ndi ku Puerto Rico. Kucokera pa nkhani zocepa zimenezo, ma airbag ngati 67 miliyoni anaitanidwa ku America kokha, a makampani 19, ndipo pa dziko lonse anafika ngati 100 miliyoni. Pofika 2024 boma la America linali litawerenga anthu 28 akufa m'dziko lao ndi obvulala oposa 400. M'caka ca 2017 Takata inabvomera m'bwalo la milandu kuti inali kunama pa zoturuka m'mayeso ace, nilamulidwa kulipira madola 1 biliyoni, ndipo mu June caka comweco inagwa. Kampani inagwa, koma timacitini tace tikali kuyenda m'miseu.

Wina anena, "Izo nza timagalimoto ta amphawi, yanga ndi ya ku Germany." Pepani acimwene, citsulo siciona dzina. Mercedes-Benz, Audi, Lexus, Jaguar, Land Rover, ngakhale Ferrari yomwe, onse anaitana magalimoto ao cifukwa ca Takata. Mu May 2023 BMW inauza eni magalimoto ngati 90,000 ku America kuti asawayendetse konse kufikira atakonzedwa. Anali a 3 Series a 2000 kufikira 2006, a 5 Series a 2000 kufikira 2003, ndi a X5 a 2000 kufikira 2004. Mitundu imeneyi muiona tsiku ndi tsiku m'miseu ya ku South Africa, pakuti 3 Series inali kupangidwanso ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, kufikira 2018. Si yonse iri ndi cirema ai, koma kuyang'ana kunja sikungakuuzeni iti iri naco.

Ndipo tamvani ici, inu okonda kukometsera galimoto. Mu July 2024 BMW inaitananso magalimoto a 3 Series oposa 390,000 ku America, a 2006 kufikira 2012. Cifukwa cace cinali cakuti eni ace ena anali atacotsa ciongolero ca ku fakitale naikapo cina cokongola ca mtundu wa mpikisano, osadziwa kuti m'menemo muli kacitini ka Takata. Cotero galimoto inacoka ku fakitale iri bwino, koma mwini woyamba anaikamo ngozi ndi ndalama zace, nagulitsa kwa wina amene sadziwa kanthu.

CIFUKWA CACE KALATA ISOCERA

Kampani ilemba kalata ku keyala imene iidziwa, ndiyo ya munthu amene anagula galimoto iri yatsopano kapena amene anali kukonzetsa ku garaja yao. Koma galimoto ya zaka 18 yapita m'manja ambiri. Mwini woyamba anasamuka, waciwiri anagulitsa kwa msuweni wace, ndipo inu lero muli ku Rustenburg, caka ca mawa ku Kathu, pa Khirisimasi mwaoloka nayo pa Beitbridge kunka ku Dedza, ku Chipata kapena ku Tete. Kalata iti ingakutsateni ulendo wonsewo? Nyali ya airbag pa bolodi siyaka cifukwa ca mankhwala oonongeka, ndipo oyesa galimoto ngati iri yoyenera pa mseu satsegula kacitini kaja. Cifukwa cace nchito yofunsa yatsala ndi inu nokha.

Coyamba, pezani nambala ya galimoto imene aicha VIN. Iri ndi zilembo ndi manambala 17. Mudzaiona m'munsi mwa galasi lakutsogolo, pa mphuthu ya citseko, m'mapepala a galimoto, ndiponso pa disiki ya laisensi ya ku South Africa. Magalimoto ogulidwa akale ku Japan ali ndi nambala yaifupi ya chassis, lembani yomweyo.

Caciwiri, musanapereke ndalama, imbani lamya kapena pitani ku garaja yobvomerezeka ndi kampani imene inapanga galimotoyo. Achulireni nambala ija, nimufunse kuti, "Kodi pa galimoto iyi pali recall imene siinakonzedwe?" Makampani ambiri ali ndi malo pa intaneti pamene mungalembe nambalayo pa foni yanu ndi kuona yankho nthawi yomweyo. Wogulitsa akakana kukupatsani nambala, tengani cipewa canu muzipita.

Cacitatu, akakuuzani kuti iripo, pitani nayo msanga. Kusintha kacitini ka Takata pa recall ndi kwaulere, ngakhale muli mwini wacisanu. Akati musaiyendetse, musaiyendetse ndithu. Afunseni mmene angaitengere. Atatha kukonza akupatseni pepala, ndipo mulisunge pamodzi ndi mapepala a galimoto.

Cacinai, musagule ciongolero kapena airbag kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto ophwanyika, ndipo musalole munthu wa pansi pa mtengo kutsegula kacitini kaja. Pa mgodi simupatsa mwana wa dzulo bokosi la zophulitsira.

DANDAULO LILEMBEDWE

Tsono pali mbali yina ya nkhaniyi. Kampani siidziwa cirema mwa kulota. Kawirikawiri icidziwa cifukwa eni magalimoto anadandaula, ndipo madandaulo ao anaunjikana pamalo pamodzi kufikira wina anaona kuti onse anena cinthu cimodzi. Dandaulo losalembedwa litayika m'njira, ndipo nkhani iyi ionetsa mtengo wace.

Pa 28 August 2009, pafupi ndi San Diego ku California, wapolisi wa pa mseu anali kuyendetsa Lexus ES 350 imene garaja inamubwereka pamene yace inali kukonzedwa. Mphasa ya mphira yopondapo mapazi inali ya galimoto ya mtundu wina, ndipo inakanikiza citsulo copondera mafuta. Galimoto inathamanga kupitirira mamailosi 100 pa ora, nigunda, niyaka moto. Anafa iye, mkazi wace, mwana wao wamkazi ndi mlamu wace. Ofufuza anapeza kuti masiku ocepa m'mbuyomo munthu wina amene anabwereka galimoto yomweyo anaona bvuto lomwelo, nauza wolandira alendo pa garajapo ndi pakamwa pokha. Mau aja sanafike kwa okonza. Ndiponso kale mu 2007, eni magalimoto atadandaula, Toyota, imene ipanga Lexus, inali itaitanitsa mphasa zotere ngati 55,000. Itacitika ngoziyo inaitana magalimoto 3.8 miliyoni, ndipo mu 2014 inalipira boma la America madola 1.2 biliyoni nibvomera kuti siinauze anthu zoona.

Mutengepo zinthu ziwiri. Musasanjike mphasa ziwiri pansi pa mapazi a woyendetsa, ndipo imene iripo ikhale yomangika pa zokolowekera zace. Citsulo ca mafuta cikakanirira pansi, pondani mabuleki mwamphamvu osalekeza, ikani giya pa N, nimupatuke pambali. Caciwiri ndi cacikuru: mukaona cacilendo pa galimoto yanu, monga kununkha kwa waya wopserera, mabuleki olowa pansi, kapena injini yozima yokha pa liwiro, lembani. Lembani tsiku, malo, makilomita ndi nambala ya VIN. Perekani kalatayo ku garaja ya kampani, asainepo, ndipo yina musunge.

Ku South Africa kuli National Consumer Commission, bungwe la boma lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2008 loteteza ogula. Lilandira madandaulo, ndipo lilengeza magalimoto amene aitanidwa. Pamene magalimoto a Ford Kuga anali kuyaka moto m'miseu, eni ace anadandaula osaleka, bungwelo linalowererapo, ndipo mu January 2017 magalimoto 4,556 anaitanidwa. Mutu umodzi susenza denga. Munthu mmodzi akadandaula amuyesa wosadziwa kuyendetsa, koma anthu 40 akalemba cinthu comweco palibe amene angawatsutse.

Inu mudziwa bwino mwambo wa pansi. Mukagogoda denga ndi citsulo nimumva kuti lilira mwacilendo, simukhala cete poti mwala sunakugwereni inu. Muuza kapitao cifukwa shifiti yina iri kubwera pambuyo panu. Pa galimoto mpomweponso. Amene adzakwera pa mpando wakutsogolo ndi mai a kunyumba, kapena amai anu okubalani amene mufuna kuwaonetsa cimene mwapata ku nchito, ndipo amene adzaigula kwa inu ndi mnzanu wa m'komponi momwemo.

Sindikuletsani kugula galimoto yabwino ai. Gulani, mukondwere nayo, ana akuthamangireni pofika pamudzi. Koma nambala ija ya zilembo 17 ilembeni lero, ndipo mawa poweruka mufunse. Kufunsako sikudya ngakhale ndalama ya mkate, ndipo safunsa anadya phula. Amene ali nayo kale galimoto yotere pabwalo acite cimodzimodzi, nauzenso mnzace wa cipinda coyandikana amene sanawerenge tsamba lino.

Tsalani bwino abale, mugwire nchito mosamala. Tidzacezanso sabata ya mawa.