Ana athu amve nkhani ya m'khola m'Chichewa

Mwezi wa Disembala ukafika, Sea Point imadzaza ndi alendo. Kuno kumakhala kukutentha, masukulu atatseka, ndipo mahotela ndi malo odyera a m'mbali mwa nyanja sapuma usana ndi usiku. Pakati pa anthu amene amaphika, kuchapa, kulondera zipata ndi kulera ana a eni nyumba pali abale athu ambiri olankhula Chichewa, amene madzulo amabwerera ku Dunoon, ku Joe Slovo kapena ku Imizamo Yethu ali otheratu mphamvu. Nthawi imene mwana akufunika kumva tanthauzo la Khirisimasi ndi yomwe kholo lake limasowa pakhomo. Motero mwanayo amaphunzira za chikondwererochi m'masitolo a ku Waterfront ndi pa wailesi ya kanema, kumene amaona nkhalamba ya ndevu zoyera, chipale chonamizira pakati pa dzuwa loswa mtengo, ndi zidole zimene mayi ake sangakwanitse kugula.

Maganizo anga ndi akuti kholo lachikhristu limuuze lokha mwana wamng'ono nkhani ya kubadwa kwa Yesu, pakhomo, m'chinenero cha kwathu. Sindikunena izi chifukwa chongokonda Chichewa. Nkhaniyi ili pafupi kwambiri ndi moyo wa anthu okhala kutali ndi kwawo, ndipo mawu athu amaonetsa kuyandikanako bwino kuposa zithunzi za pa makadi.

Taganizirani mawu akuti abusa. Mwana wokulira m'tauni akawamva amaganiza za bambo ovala kolala amene amalalikira Lamulungu. Koma mbusa wa kumudzi ndi mnyamata wa mapazi ong'aluka amene amaswera kudambo ndi mbuzi kapena ng'ombe. Mwana akafotokozeredwa kuti uthenga wa m'mutu 2 wa Luka unayamba wafika kwa anthu otere, amadziwa kuti Mulungu sananyoze anthu a ntchito zonyozeka, ndipo ntchito ya bambo ake yolondera usiku amaiona ndi maso ena. N'chimodzimodzi mawu akuti kalembera: Yosefe ndi Mariya anayenda ulendo wautali chifukwa cha lamulo la boma, monga makolo ambiri kuno amayendera nkhani ya mapepala. Mutu 2 wa Mateyu ukusimba za banja lothawira ku Ejipito ndi khanda. Mwana wotchedwa mlendo ndi anzake kusukulu ayenera kumva kuti Yesu nayenso anakhalapo mwana wachilendo m'dziko la eni.

Mabuku otithandiza alipo, ndipo mbiri yake imakhudza dera lino lomwe. Amishoni a Dutch Reformed amene anatsegula Mvera mu 1889 anachokera kuno ku Cape, ndipo mmodzi mwa owatsatira, William Murray, ndiye anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922. Akatolika analandira Malembo Oyera mu 1966, kenaka mu 1998 kunabwera Buku Loyera, lomasuliridwa ndi mipingo yosiyanasiyana m'Chichewa chosavuta kumva. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti chinenero chimene anthu a ku Cape anavutika kuchiphunzira zaka zoposa 100 zapitazo chifere m'nyumba zathu ku Cape konkuno.

Ena adzati ana athu amalankhula Chingerezi ndi Chixhosa, ndipo Mulungu amamva chinenero chilichonse. Zimenezo n'zoona, ndipo sindikuletsa mwana kupita ku Sande Sukulu ya Chingerezi kapena kukaimba nyimbo za Khirisimasi ku Kirstenbosch. Koma mayi amene amapemphera, kulira ndi kuseka m'Chichewa akamafotokoza za chikhulupiriro chake m'Chingerezi cha kuntchito, mawu ake amazirala, ndipo mwana amamva kuti nkhaniyo ndi yobwereka. Komanso tsiku limene agogo adzaimbe lamya kuchokera ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia, adzakambirana chiyani ndi mdzukulu za tsiku lalikululi? Anansi athu Achiyuda, amene ali ndi sunagoge wawo mu Marais Road, amayatsa makandulo a Hanukkah usiku uliwonse kwa masiku 8 m'nyumba zawo, ana akumva mawu Achihebri ngakhale kuti tsiku ndi tsiku amalankhula Chingerezi. Sadikira kuti mwana adziwe chinenero chonse asanamulowetse m'mwambo.

Ntchitoyi sifuna ndalama kapena tsiku lonse. Mphindi 10 mwana asanagone n'zokwana. Kambani nkhaniyo ngati nthano, pang'onopang'ono: lero mngelo ndi Mariya, mawa ulendo wa ku Betelehemu, mkuja abusa, mtondo anzeru a kum'mawa. Mwana aziyankha, azifunsa, azisakaniza Chingerezi ngati akufuna, osamudzudzula. Loweruka mabanja oyandikana asonkhanitse ana achite sewero monga timachitira kwathu, chitenje chikhale mkanjo wa Yosefe, katoni ikhale modyera ziweto. Mpunga ndi nkhuku zikapsa, mwana ndiye anyamule mbale kupita nayo kwa mnansi amene alibe wachibale kuno, kuti adziwe kuti pa Khirisimasi munthu amapereka.

Inu a ku Zambia, ndiponso inu a ku Mozambique kumene boma limatcha 25 Disembala kuti Tsiku la Banja ndipo ambiri amati Natal, tiuzeni mawu amene mumagwiritsa ntchito pokamba nkhaniyi ndi ana. Kaya mumalemba Khirisimasi, Khrisimasi kapena Khisimisi, kusiyana kwa kalembedwe tidzakambirana tsiku lina. Chofunika chaka chino n'chakuti mwana wa zaka zinayi wa ku Dunoon amve kuchokera pakamwa pa mayi ake kuti khandalo linagonekedwa kuti, ndipo anayamba kudzaliona ndani. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.