Tipi si malipiro, asisi

Lero tikambe za kandalama kamene kamatsala patebulo munthu akamaliza kudya. Ena amati tipi, ena amati ya fanta, ena amangoti "chenjiyo sungani". Kamaoneka kochepa, koma kumbuyo kwake kuli funso lalikulu. Mtsikana amene wakusambitsani m'manja, wakubweretserani nsima ndi nkhuku ya lokolo, n'kupukuta tebulo mutachoka, azilipidwa ndi ndani? Ndi inu, tsiku limene mtima wanu wakoma? Kapena ndi mwini malo, kuchokera pa mtengo wa mbale womwe walembedwa pakhoma? Ife tikuti malipiro ake akhale m'kati mwa mtengo wa mbale, ndipo azifika m'manja mwake mwezi ndi mwezi, kaya makasitomala ndi owolowa manja kaya ndi oumira.

Nkhaniyi tayiyambira ku Mzimba dala. Bomali ndi lalikulu kuposa onse m'Malawi muno tikanena za kukula kwa malo, ndipo msewu wa ku Joni anthu ake anauyamba kalekale, nthawi ya Wenela ndi Theba. Yendani ku Embangweni, ku Edingeni kapena pa Jenda, mufunse kuti nyumba zamalata zokongolazo zinamangidwa ndi ndalama zochokera kuti. Kale ankapita ndi amuna, akazi n'kutsala akulima ndi kulera. Pano atsikana nawo akukwera mabasi omwewo, ndipo ena mwa iwo amakathera m'malo odyera a ku Johannesburg, Pretoria ndi Cape Town. Kumeneko kasitomala amayembekezeka kuwonjezera pafupifupi 10 peresenti pamwamba pa bilu. Anthu akamabwerera mu Disembala, kapena mu Ogasiti nthawi ya Umthetho ku phiri la Hora, amabwera ndi chizolowezicho. Eni malo ena aona, ndipo ayamba kuwerengera.

Kwathu kuno mphatso inkayenda mbali inayo. Imani pa Jenda mugule tomato kapena anyezi. Mayi wogulitsa akakuthirirani mulu, amaponyapo awiri atatu a banyira, inu n'kunena kuti yewo. Wogulitsa ndiye amathokoza wogula, chifukwa phindu lake lili kale pa mtengo womwe mwagwirizana. Palibe amene amadyetsa ana ndi banyira. Tipi nayo ikanakhala choncho, kanthu kapamwamba pa malipiro okwanira, bwenzi tilibe nayo mawu. Vuto limayamba bwana akauza mtsikana wofuna ntchito kuti, "Ndizikupatsa zochepa, koma pano makasitomala amapatsa."

Funsani achemwali athu a ku Joni mmene mawu amenewa amathera. Dziko la South Africa lili ndi lamulo la malipiro ochepetsetsa lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019, pa R20 pa ola. Pofika Malichi 2025 mlingowo unali R28.79. Lamulolo limanena poyera kuti tipi siwerengedwa ngati gawo la malipiro. Komabe mu Seputembala 2024, mtsikana wina ataika vidiyo pa TikTok yodandaula za malo odyera ena a ku Menlyn, mumzinda wa Pretoria, oyendera a boma anakapeza maweita opanda malipiro okhazikika, ongodalira tipi ndi komishoni. Ndipo pa anthu amene ananjatidwa tsikulo panalinso antchito opanda mapepala. Mwamva? Wodyeredwa masuku pamutu yemweyo ndi amene anakwera galimoto ya apolisi.

Taganizirani moyo wa mtsikana wotere kumalo kumene amagona. Chipinda chimodzi ku Rosettenville kapena ku Mayfair agawana anthu angapo, malire ake ndi katani. Landilodi amafuna lendi pa 1, samva zoti sabata yatha kunagwa mvula ndipo makasitomala sanabwere. Wa takisi salandira kumwetulira. Kumudzi amayi akudikira uthenga wa Mukuru kuti agule feteleza mvula isanayambe, mwana naye akufuna ya sukulu. Zonse zimene iye ayenera kulipira zili ndi tsiku lake ndi mtengo wake, koma zimene amalandira zilibe tsiku, zilibe mtengo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Tipi ndi fodya wapachala ameneyo.

Amene akufuna kuona kumene njirayi imakathera ayang'ane ku America. Kumeneko lamulo la dziko lonse limalola bwana kulipira wantchito wolandira tipi madola 2.13 okha pa ola, bola tipiyo ikwaniritse zotsalazo, ndipo mlingo umenewu sunasinthe chiyambire 1991. Zigawo zina zinakweza pazokha, koma maziko ake ndi omwewo: udindo wa bwana anausenzetsa kasitomala.

Tsono kasitomala akasanduka wolipira malipiro, amasandukanso bwana. Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife akazi kwambiri. Bambo amene akudziwa kuti chakudya cha mwana wako chili m'thumba mwake amayamba kuyesa malire. Lero wakugwira dzanja nthawi yaitali polandira chenji. Mawa akuti "ukamaweruka undiuze". Ukakwiya, tipi palibe, ndipo bwana akuti ukuthamangitsa makasitomala. Ukaseka kuti zinthu zithe bwino, iye akuti wavomera. Lamulo lathu la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limati kuvutitsa munthu m'njira zachisembwere ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika pa K1,000,000 ndi zaka zisanu kundende. Lamulo ndi labwino, koma mtsikana amene lendi yake ili m'manja mwa womuvutitsayo angalankhule bwanji? Malipiro okhazikika ndi amene amam'patsa mphamvu yonena kuti "bambo, ndisiyeni", podziwa kuti pakutha pa mwezi ndalama yake siichepa.

Foni yawonjezeranso msampha wina. Masiku ano ambiri timalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndiye chenji yotsala patebulo kulibe. Wofuna kupereka tipi amati, "Ndipatse nambala yako ndikuponyere kangachepe." Basi, nambala yapita, dzina laoneka pafoni, usiku mauthenga ayamba. Amene amapereka ndi mtima woyera alipo, sitikukana. Koma mtsikanayo alibe njira yodziwira kuti uyu ndi uti mpaka foni italira pakati pa usiku.

Palinso akazi amene tipi siwaona n'komwe. Mbale ija musanailandire, wina analawirira kukatunga madzi, wina anakoleza moto, wina anavundula m'phika waukulu wa nsima utsi uli m'maso, wina akutsuka mapoto mpaka zikhadabo kutha. Nthawi zambiri awa ndi amayi achikulire, kapena atsikana amene bwana anawaona kuti "si a kutsogolo". Tipi imapita kwa amene kasitomala wamuona, ndipo maso a kasitomala ali ndi tsankho: amasankha msinkhu, khungu, thupi, Chingelezi. Ntchito ya anthu asanu, mphoto kwa mmodzi. Kenako timadabwa kuti n'chifukwa chiyani kukhitchini ndi kutsogolo sakulankhulana.

Tibwerere pa boma pa Mzimba penipeni. Kuno si Joni, kumene weita ndi kasitomala sadzaonananso. Odya m'malo odyera ambiri ndi anthu omwewo tsiku ndi tsiku: aphunzitsi, anamwino, a kukhonsolo, anyamata a kabaza, ogula mbewu, oyendetsa magalimoto. Ena amadya pangongole, dzina lili m'kope, adzalipira akalandira. Wokupatsirayo ndi mwana wa aneba, mumapemphera tchalitchi chimodzi, mayi ake muli nawo limodzi ku banki mkhonde. M'dera lotere tipi singakhale malipiro, chifukwa imabwera ndi alendo ndipo imapita ndi alendo. Disembala zinthu zili bho, Febuluwale kuli zii. Ndiponso mukudziwa pakamwa pa anthu. Mtsikana akangolandira K2,000 kwa bambo wa pabanja anthu akuona, madzulo nkhani ili pa mjigo, ndipo woipa ndi iyeyo. Ku tauni yaikulu tipi imamusiya wantchito wopanda chodalira, ku tauni yaing'ono imam'chotseranso mbiri.

Eni malo odyera ali ndi mawu awo, ndipo tiyenera kuwamva, makamaka poti ambiri mwa iwo ndi amayi anzathu amene anayamba ndi poto mmodzi ndi ngongole. Chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira, ufa, makala ndi lendi zonse zakwera. Iwo amati, "Ndikakweza mbale, kasitomala athawira pa chiimilire." Mantha amenewa ndi oona. Koma tiyeni tiwerenge. Boma linakweza malipiro ochepetsetsa a antchito ambiri kufika pa K90,000 pamwezi mu 2024, kenako K126,000 mu 2025, ndipo mabizinesi ang'onoang'ono anawaikira mlingo wotsikirapo. Tingoyerekeza malo okhala ndi antchito anayi, aliyense pa K126,000. Pamwezi ndi K504,000. Ngati akugulitsa mbale 80 patsiku kwa masiku 26, ndiye kuti ndi mbale 2,080. Mukagawa, malipiro onse a anthu anayiwo akukwana pafupifupi K242 pa mbale imodzi. Aliyense awerenge ndi manambala a pamalo pake, koma aona kuti chimene chimadula m'mbale ya nsima si mtsikana woiperekayo. Ndipo bizinesi imene imayenda pokhapokha wantchito asalipidwe, ndiye kuti mpamba wake weniweni ndi thukuta la mtsikanayo.

Ena anena kuti, ndiye tingolemba pa bilu kuti 10 peresenti ndi ya antchito. Njira imeneyi ilipo, ndipo sitikuyenera kupita kutali kuti tiione. Kuseri kwa malire athuwa, ku Lundazi ndi ku Zambia konse, lamulo la zokopa alendo limalamula mahotela ndi malo odyera kuwonjezera ndalama yotere pa bilu, yomwe ndi 10 peresenti, kuti igawidwe kwa antchito. Ubwino wake ndi woti wa kukhitchini naye amapezako, ndipo kasitomala sasankha womupatsa. Choopsa chake ndi choti ndalamayo imadutsa m'kabati ya bwana. Popanda kope loti antchito aziona, ikhoza kuthera momwemo, kasitomala n'kumapita kwawo mtima uli m'malo poganiza kuti wathandiza. Ngakhale ku Britain anachita kukhazikitsa lamulo, lomwe linayamba pa 1 Okutobala 2024, lokakamiza mabwana kupereka tipi yonse kwa antchito osadulapo. Choncho mzere wa pa bilu pawokha sutikwanira. Tikufuna malipiro athunthu choyamba, zinazo zibwere pamwamba.

Tiphunzirenso kwa amene anayesa yekha. Mu 2015, Danny Meyer, mwini malo odyera otchuka ku New York, anathetsa tipi n'kuika zonse pa mtengo wa chakudya. Mu 2020, nthawi ya Covid-19, anabwerera ku tipi. Ukakweza mitengo wekha pamene oyandikana nawe akuonetsa mitengo yotsika yobisa malipiro, umaoneka wodula. Mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chake nkhaniyi siingathe ndi mayi mmodzi wa mtima wabwino pamsika. Ikufunika eni malo onse a mumsewu umodzi, ndi boma lowayang'anira.

Ndiye pempho lathu ndi ili. Kwa eni malo odyera, kuyambira pa boma mpaka pa Jenda: khalani pansi mugwirizane kuti mtengo wolembedwa pakhoma ndi wonse, ndipo malipiro a antchito ali momwemo. Muzilemba zimene mwagwirizana ndi wantchito, ndipo polandira azisayina. Kwa ofesi ya zantchito ya boma la Mzimba: musadikire kuti mtsikana abwere akulira, yenderani malowa, mufunse antchito bwana palibe. Kwa khonsolo ya M'mbelwa: mumatolera ndalama za ziphaso chaka ndi chaka, ndiye popereka chiphaso funsaninso kuti antchito ndi angati ndipo akulandira zingati.

Kwa iwe amene ukugwira ntchitoyi: lamulo la zantchito la 2000 limakuteteza ngakhale malowo akhale a mabenchi awiri. Sabata ya ntchito siyenera kupitirira maola 48 popanda ovataimu. Ukakhala woyembekezera uli ndi tchuthi cha masabata asanu ndi atatu cholipidwa, kamodzi pa zaka zitatu. Bwana alibe ufulu wodula malipiro mmene wafunira chifukwa choti mbale yasweka. Sunga kakope kako, uzilemba tsiku, maola ndi zimene walandira. Zikavuta yambira ku ofesi ya zantchito, ndipo khoti la zantchito lili ku Mzuzu. Amene uli ku Joni, dziwa kuti khoti la kumeneko linagamula mu 2008 kuti wantchito wopanda chilolezo ndi wantchitobe, ndipo akhoza kukadandaula ku CCMA.

Nanga ife makasitomala, tisiye kupereka? Ayi. Malipiro asanakonzeke, kandalamako kakuguladi sopo. Perekani m'manja mwake, poyera, osafunsa nambala, osayembekezera kanthu. Mukaona 10 peresenti pa bilu, funsani mwini malo mokweza kuti ndalamayo imapita kwa ndani ndipo amaigawa liti. Mukaona bambo akuvutitsa woperekera zakudya, musayang'ane m'mbale, lankhulani. Ndipo tsiku limene mbale idzakwere ndi K300 chifukwa antchito ayamba kulandira zoyenera, tisakhale oyamba kuthawira kwa woyandikana naye.