Za Pakhomo: Kuwala kwa Kabati Kuli pa Kudekha

Ulendo uno tikambirane za mipando, matebulo ndi makabati amene timagula osapaka penti.

Aliyense wodutsa ku Mtandire, kuseri kwa Area 47 mumzinda wa Lilongwe, amaona akalipentala atayala katundu wawo m'mbali mwa msewu. Ambiri a ife timagula katunduyu asanapakidwe kanthu chifukwa mtengo wake umatsikako, n'kumati tikapaka tokha kunyumba. Maganizowa ndi abwino, koma pamenepa ndi pomwe ndalama zambiri zimaonongekera.

Ine zidandionekera. Ndidagula kabati ya paini yoti mayi a kunyumba aziikamo mbale. Tsiku lomwelo, m'mwezi wa Okutobala, ndidaiika pabwalo dzuwa likuswa mtengo, n'kuipaka penti ya buluu yokhuthara kamodzi kokha kuti ndithane nazo. Ndisanatsuke n'komwe burashi, kamvulumvulu adadutsa ndi fumbi. Kabati ija idauma ili yokhakhala ngati lilime la ng'ombe, penti itayenderera m'makona. Pobwera alendo, mayi a kunyumba ankangoiphimba ndi chitenje.

Nditapita kukadandaula kwa kalipentala wachikulire amene adandigulitsa, adaseka nati: "Achimwene, penti yowala sibisa kanthu. Imaulula zonse zimene mwasiya pathabwa." Zimene adandiphunzitsa tsiku limenelo ndi zimene ndikugawireni.

Choyamba, onetsetsani kuti thabwa ndi louma. Paini wochokera ku Chikangawa kapena ku Dedza nthawi zina amafika kwa akalipentala akadali wamuwisi. Thabwa lotere limalemera ndipo limazizira mukaligwira. Mukalipaka, penti imatuwa kenaka n'kusupuka. Likhazikeni pamthunzi popita mphepo kwa milungu ingapo.

Chachiwiri, tsekani mabowo a misomali ndi ming'alu. Sakanizani utuchi wosalala ndi guluu wa matabwa, matani, ndipo mudikire ziume. Mfundo za paini zimatulutsa utomoni umene umadzaonekera pamwamba pa penti ngati madontho achikasu. Palani utomoniwo ndi mpeni, mupukute ndi thapentaini, ndipo pamfundopo mudzapake pulaima kawiri.

Chachitatu ndiye mwini ntchito: sandipepa. Nambala yolembedwa kuseri kwake ikakhala yaikulu, ndiye kuti ndi yosalala. Yambani ndi 120, mubwere ndi 180, mumalize ndi 220. Kwechani motsata mitsempha ya thabwa, osati mopingasa, chifukwa mikwingwirima yopingasa imaonekera kwambiri penti ikawala. Mukatha pukutani fumbi lonse ndi kansalu konyowa pang'ono, thabwa liumenso.

Chachinayi, musathamangire penti yowala. Thabwa losapaka limamwa ngati dothi la m'chilimwe, ndipo likamwa mafuta a m'penti kuwala kumatha. Pakani kaye pulaima ya matabwa, ikauma mupake andakoti, kenaka penti yowala ija kawiri, mopyapyala. Pakati pa kupaka kulikonse dikirani tsiku lathunthu, mukwechepo mopepuka ndi sandipepa ya 320, n'kupukuta. Penti ya mafuta ikakhuthara, isungunuleni ndi thapentaini pang'ono. Parafini amaichedwetsa kuuma ndipo amapha kuwala, pamene petulo ndi ngozi ya moto.

Chachisanu, limbanani ndi fumbi. Misewu yambiri ya m'Mtandire ndi yadothi, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa fumbi silisowa. Pakirani m'chipinda, m'mamawa mphepo isanayambe. Sesani madzulo a dzulo lake, ndipo musanayambe wazani madzi pansi. Tsegulani zenera la mbali yosayang'ana kumsewu kuti fungo lizituluka. Mbaula, nyali ndi ana zikhale kutali. M'nyengo ya mvula fumbi limachepa, koma chinyezi chimachedwetsa kuuma, choncho onjezani nthawi yodikira. Ngakhale penti ioneke youma, musaikepo mbale kapena nsalu mpaka patadutsa sabata imodzi.

Ngati katundu wanu ndi wa mlombwa kapena mbawa, chonde musamubise ndi penti. Mitengo imeneyi ili ndi maonekedwe akeake ndipo ikusowa m'nkhalango zathu. Kwechani chimodzimodzi, mupake vanishi katatu. Koyamba isungunuleni pang'ono kuti ilowe m'thabwa.

Pali nkhani inanso yofunika kwa makolo. Penti ina ya mafuta, makamaka yachikasu ndi yofiira, imakhala ndi mtovu, umene pachitini amalemba kuti lead. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ndipo vutolo silibwerera mwakale. Kafukufuku amene bungwe la Lead Exposure Elimination Project lidachita m'Malawi mu 2020 adapeza mtovu wopyola muyezo m'penti yambiri ya mafuta imene inkagulitsidwa m'masitolo, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards lidachitapo kanthu pa opanga penti. Komabe pogula werengani chitini, musankhe yolembedwa kuti ilibe mtovu. Pewani penti yogula m'mabotolo osalembedwa kanthu, makamaka ngati mukupaka bedi la mwana kapena tebulo lodyera. Mwana amaluma chilichonse. Pokwecha penti yakale, nyowetsani sandipepa kuti fumbi lisauluke, ndipo ana asakhale pafupi.

Kabati yanga ija ndidaipala yonse n'kuyambiranso. Idanditengera masiku asanu ndi limodzi ndi chitini china cha penti, ndalama zomwe ndikadagulira ana makope. Lero mayi a kunyumba amadziyang'anira pachitseko chake pomanga mpango, ndipo chitenje chija chidabwerera m'sutikesi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsalani bwino, tidzakumanenso m'kope lotsatira.