Mwala wokongola si chidole cha mwana

Boma la Ntcheu limadziwika ndi miyala yamtengo wapatali. Ku phiri la Chimwadzulu kumakumbidwa ruby ndi sapphire, ndipo anthu ambiri anazolowera kuti mwala wonyezimira ndi ndalama. Kutolera miyala sikulakwa ayi, koma mwala wosadziwika usamalowe m'nyumba momwe muli ana.

Taonani mwala wotchedwa cerussite. Ndi woyera, nthawi zina woonekera ngati galasi. Timiyala take timamera tophatikana ngati mapasa, tina nkulukana ngati nyenyezi kapena ukonde. Nchifukwa chake otolera miyala a kunja amaufunafuna, makamaka wochokera ku mgodi wa Tsumeb ku Namibia. Koma kulemera kwa mwalawu, magawo oposa 77 pa 100 aliwonse ndi mtovu, chitsulo chapoizoni chomwe chimapezekanso m'mabatire a galimoto.

Ruby ndi sapphire alibe mtovu ndipo ndi olimba kwambiri. Cerussite ndi wofewa, amakandika ndi mpeni, sachedwa kunyenyeka nkusanduka fumbi. Fumbilo likamezedwa, asidi wa m'mimba amalisungunula ndipo mtovu umalowa m'magazi.

Anzathu a ku Kabwe ku Zambia akuidziwa bwino nkhaniyi. Mgodi wa mtovu kumeneko, womwenso kunkapezeka cerussite, unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akupezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi chifukwa cha dothi ndi fumbi.

Bungwe la WHO likuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi womwe tinganene kuti ndi wabwinobwino. Thupi la mwana limayamwa mtovu kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu. Umaononga ubongo, umachepetsa magazi, ndipo mwa mayi woyembekezera umafika kwa mwana m'mimba. Chomvetsa chisoni nchakuti mwana amatha kuoneka wathanzi, vuto nkudzaonekera kusukulu, pomwe zoonongekazo sizibwereranso.

Wina anena kuti cerussite ngosowa, bwanji kuopseza anthu? Nzoona, ndipo mwala wotsekeredwa m'bokosi suvulaza munthu. Koma malonda a miyala sadziwa malire a dziko, ndipo ndi angati mwa ife angasiyanitse mwalawu ndi nsangalabwi yoyera? Chizindikiro chimodzi ndi kulemera: cerussite amalemera kuposa kawiri mwala wa quartz wofanana nawo kukula.

Makolo, musanyambite mwala pofuna kuona mtundu wake, musauswe pakhonde, musausunge m'chikho kapena pafupi ndi ufa. Mukaugwira sambani m'manja ndi sopo. Womwe simukuudziwa, akatswiri a ku Geological Survey ku Zomba angauyeze.

Inu mavolontiya a zaumoyo, mukamayendera makomo funsaninso za miyala ndi mabatire akale. Mwana wokwawa amaika chilichonse m'kamwa. Mtengo wa mwala, ngakhale utakwera bwanji, sungagule nzeru zake.