Mapu sangatiuze chifukwa chake anthu anamanga ku Soche

Masiku ano yunivesite ikamafuna mphunzitsi wa jogalafe, nkhani ya kusintha kwa nyengo siyisowa pa chilengezo cha ntchitoyo. Sindikudandaula ayi. Dziko lomwe lakumana ndi namondwe Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023, liyenera kukhala ndi akatswiri akeake pankhaniyi. Chomwe chikundivuta ndi mtundu wa munthu amene akusakidwayo.

Kawirikawiri amafuna wodziwa GIS, wotha kuwerenga zithunzi za setilaiti, komanso woti angakoke ndalama za kafukufuku kuchokera ku mabungwe akunja. Anthu oterewa ndi ofunika. Koma taganizirani za Chilobwe. Mapu angasonyeze kuti phiri la Soche ndi lotsetsereka, mitengo inatha, ndipo mvula ya masiku angapo ikhoza kugumula matope ndi miyala. Koma mapuwo sanganene chifukwa chimene banja linamangira nyumba pamenepo, likudziwa bwino kuopsa kwake. Lendi ya m'tauni ndi ndalama zingati? Anawagulitsa malowo ndani? Ganyu amakamupeza kuti? Mafunso amenewanso ndi a jogalafe, ndipo amafuna munthu wokhala pansi ndi anthu, osati pa kompyuta pokha.

Chimodzimodzi nyanja ya Chilwa, yomwe inaphwa mu 1968 ndi 1995. Asodzi achikulire a ku Kachulu akudziwa kumene anathawira ndi zimene ankadya zaka zimenezo. Ngati palibe wolembedwa ntchito yokawafunsa, nzeruzo zipita nawo kumanda.

Ndiye pali nkhani ya kalasi. Ophunzira tonse tikumudziwa mphunzitsi amene dzina lake lili pa ndandanda wa maphunziro koma mwini wake ali ku msonkhano wa kunyanja, sabata ino ndi yamawa yomwe. Sindikumuda, malipiro ndi ochepa. Koma ukalemba munthu chifukwa chotha kukoka ndalama, usadabwe akamathamangira komwe kuli ndalamazo.

Ndikanakhala pa gulu lofunsa mafunso (ine wa chaka chachitatu, ndani angandiitane?), ndikanapempha aliyense wofuna ntchitoyo kuti aphunzitse kaye ophunzira a chaka choyamba kwa ola limodzi. Akamaliza, afotokoze m'Chichewa, ngati akuuza agogo ake, chifukwa chimene mvula yoyamba sikudalirikanso pobzala chimanga.