Mfuti yaikulu sindiyo ulenje: tiphunzire kwa osaka nkhukundembo

Sabata yatha ndili pasitolo ina yogulitsa mbewu ndi feteleza, bambo wina amene ndakhala ndikuwalangiza za mtedza kwa zaka zitatu anandikokera pambali. Akuti fodya wawayendera bwino chaka chino, ndiye akuganiza zokapempha chiphaso kupolisi kuti agule mfuti ija yomwaza njere, imene achikulire amaitcha chifefe. Nkhanga zimawafukulira mtedza chaka ndi chaka akangodzala, komanso paja nkhanga ndi ndiwo. Funso lawo linali limodzi: "Alangizi, yaikulu kuposa zonse ndi iti?"

Ndinawauza kuti funsolo ndilo lalakwika. Popeza bambowa sali okha, ndati ndiwayankhire pano. Chitsanzo changa ndichitenga kutali, ku America, kumene alenje akhala akukangana kwa zaka zambiri za mfuti ndi zipolopolo zophera mbalame imodzi yokha, nkhukundembo.

Musaseke, alimi anzanga. Nkhukundembo imene imadzitukumula pabwalo panu kwawo ndi ku Mexico ndi ku America. Anthu a ku Spain ndiwo anaitengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, kenako nkufalikira mpaka kuno. Abale ake a kutchire akadalipo. Amauluka, amagona m'mitengo, ndipo maso awo ndi akuthwa kwabasi. Tambala wamkulu amalemera makilogalamu 8 mpaka 10. Nthenga ndi mapiko ake zili ngati chishango, moti njere zomenya pathupi kawirikawiri sizifika pamtima. Mbalame imathawa ili yovulala nkukaolera kuthengo. Nchifukwa chake mlenje wa kumeneko amalunjika pamutu ndi pakhosi, chandamale chonga chibakera cha mwana chokhala pamwamba pa kanzimbe kakang'ono. Kusankha konse kwa mfuti ndi zipolopolo kumachokera pamenepa: kodi ndingafikitse njere zokwanira pakamalo kameneka, ndili patali bwanji?

Tiyambe ndi geji. Aliyense amene anagulapo malata akudziwa kuti a geji 28 ndi okhuthala kuposa a geji 32. Ndi mfuti zilinso chimodzimodzi, nambala ikachepa paipi ya mfuti imakula. Geji 12 kukamwa kwake ndi mamilimita pafupifupi 18.5, geji 20 ndi pafupifupi 15.6. Palinso kamfuti kotchedwa .410, kamene nambala yake si geji koma muyeso wa inchi, ndiye kuti mamilimita 10 ndi pang'ono. Kwa zaka zambiri mfuti ya nkhukundembo inali geji 12, monga Remington 870 imene inatuluka mu 1950, kapena Mossberg 500. Izi ndi mfuti wamba, zokoka ndi dzanja, zopanda zokometsera.

Chachiwiri ndi kupanikiza kwa kukamwa kwa paipi, kumene eni ake amati choke. Mukamathirira m'dimba ndi paipi, mukatseka pang'ono kukamwa ndi chala madzi amapita patali ali pamodzi. Choke imagwira ntchito yonga imeneyi. Osaka nkhukundembo amagwiritsa ntchito yopanikiza kwambiri kuti njere zisabalalike msanga. Koma pali mtengo wake. Mbalame ikayandikira mayadi 10 kapena 15, njere zonse zimakhala zikadali mulu umodzi waung'ono, ndipo mlenje akangonjenjemera pang'ono waphonya yense.

Chachitatu ndi njere zenizenizo. Panonso nambala yaikulu ndiyo njere yaing'ono. Pa aunsi imodzi ya mtovu, imene ndi magalamu 28, mumakhala njere pafupifupi 135 za nambala 4, kapena 170 za nambala 5, kapena 225 za nambala 6. Njere yaikulu imalowa kwambiri koma zimakhala zochepa, motero pakati pake pamatsala mipata yoti mutu wa mbalame nkupulumukirapo. Yaing'ono imadzaza bwino koma imatha mphamvu msanga. Ambiri anakhazikika pa nambala 5, yapakatikati.

Tsopano nayi mbali imene ndikufuna bambo aja aimvetse, chifukwa ndi yaulere ndipo ndi imene kuno sitichita. Mlenje wanzeru wa ku America sapita kutchire asanaombere pepala. Amakhoma pepala lalikulu pamalo otetezeka, kumbuyo kwake kuli chulu kapena khoma la dothi, amayeza mayadi 40, omwe ndi mamita pafupifupi 37, nkuombera. Kenako amajambula mzere wozungulira wa mainchesi 10, kukula ngati mbale ya nsima, pamene njere zachulukira, nkuyamba kuwerenga mabowo. Muyeso umene ambiri amatsata ndi woti m'mbalemo mukhale mabowo 100. Akachepa, mlenje sagula mfuti ina. Amasendeza pepala pafupi, pa mayadi 35, pa 30, mpaka apeze pamene mabowo akwana. Pamenepo ndiye pamalire pake, ndipo mbalame yoima kuseri kwa malirewo amaisiya ipite. Pepalali limaululanso zina: mfuti zambiri zimaponya m'mwamba pang'ono kapena cham'mbali, ndipo mfuti ziwiri za kampani imodzi zimatha kumwaza mosiyana chipolopolo chofanana.

Sikuti Amereka onse anamva zimenezi. Matenda a bambo anga a mtedza aja nawonso anawadwala. Mu 1988 kampani ya Mossberg ndi ya Federal zinatulutsa mfuti ndi chipolopolo cha geji 12 chotalika mainchesi 3 ndi theka, ndipo ambiri anathamangira kukagula. Chipolopolo chimenechi chimanyamula njere zambiri, inde, koma kukankha kwake paphewa kumayandikira kwa mfuti zophera njovu. Munthu amene mfuti yamumenyapo kawiri amayamba kutsinzina ndi kudzidzimuka asanakoke nkomwe. Njere zochuluka zopita kumbali zilibe phindu.

Kenako zinthu zinatembenuka. Kunabwera njere za chitsulo cholemera chotchedwa tungsten, zimene kampani ya Federal inayamba kugulitsa m'masitolo mu 2018 pansi pa dzina la TSS. Mtovu umalemera magalamu 11 pa kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse. Tungsten ameneyu amalemera 18. Ndiye kanjere ka nambala 9, kochepa ngati mawere, kamalowa ngati njere ya mtovu ya nambala 5. Taonani masamu ake. Chipolopolo cha geji 12 cha mainchesi 3 chokhala ndi mtovu wa nambala 5 chimanyamula njere pafupifupi 300. Kachipolopolo ka .410 ka tungsten wa nambala 9 kamanyamula pafupifupi 295. Lero amuna akuluakulu amene ankanyadira zimfuti zazikulu akusaka ndi geji 20 kapena .410, timfuti timene kale ankati nta ana.

Wina anena kuti basi vuto latha, sayansi yapambana. Ine ndikukana. Choyamba, chipolopolo chimodzi cha tungsten chimagulidwa madola 10 kapena kuposerapo. Sinthani nokha m'makwacha. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, zipolopolo zimenezi zabweretsa chiyeso chatsopano. Popeza zimafika patali, ena ayamba kuombera pa mayadi 60 ndi 70. Pamtunda wotero kamphepo pang'ono, kanthambi kosaoneka, kapena kulakwitsa kuyeza ndi maso, zimasandutsa kupha kukhala kuvulaza. Luso lenileni la ulenje umenewu linali kukhala chete utatsamira mtengo, nkumaitana tambala ndi kachipangizo kolira ngati thadzi mpaka afike pafupi. Amene akugula mtunda ndi ndalama akutaya lusolo.

Ndipo mbalame yovulala si nkhani yaing'ono. Nkhukundembo za kutchire zinatsala pang'ono kutha ku America. M'zaka za m'ma 1930 chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi 30,000, chifukwa cha kudula nkhalango ndi kupha kopanda malire. Mu 1937 anakhazikitsa lamulo la Pittman-Robertson, limene limatenga msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo, 11 peresenti pa mfuti zazitali, nkuupereka ku ntchito yosamalira nyama za kutchire. Anayesa kuweta nkhukundembo m'makola nkumazitulutsa, zinakanika, poti mbalame yoleredwa ndi munthu sidziwa kuthawa nkhandwe. Chimene chinathandiza, kuyambira mu 1951 ku South Carolina, ndi kugwira za kutchire ndi maukonde nkukazisiya kumene zinatha. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zinali pafupifupi 7 miliyoni, m'zigawo zonse za dzikolo kupatula Alaska. Chiyambire nthawi imeneyo zatsikanso m'madera angapo, ndipo maboma ena achepetsa masiku osaka ndi chiwerengero chololedwa kupha. Nyengo yaikulu yosaka, yololedwa ndi atambala, amene amadziwika ndi ndevu za pachifuwa. Mathadzi amasiyidwa kuti aikire. Paja akulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Kwathu kuno ndi midzi ingati imene kulira kwa nkhanga ndi nkhwali kunazimiririka ife tikuona?

Za mtovu ndiyankhule monga munthu amene anaudyapo. Ndili mwana, amalume anga anali ndi chifefe chakale, ndipo tikamadya nkhanga tinkapikisana kuti ndani alume njere zambiri. Tinkazilavulira m'manja nkumaseweretsa. Zina mwina tinkameza. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo ana ndiwo amaonongeka kwambiri, makamaka ubongo. Mbalame nazo zimatola njere zogwera pansi poganiza kuti ndi timiyala ta m'nthutumba, nkumafa pang'onopang'ono. America inaletsa njere za mtovu posaka abakha ndi atsekwe mu 1991, ndipo chigawo cha California chinaletsa mtovu pa ulenje wa mtundu uliwonse mu 2019. Amene amaombera mbalame za m'madzi, monga ku Nyanja ya Chilwa, nkhaniyi ikuwakhudza. Ngati zimene mungapeze ndi za mtovu zokha, dulani ndi kutaya mnofu wonse wozungulira bala, ndipo ana aang'ono ndi amayi oyembekezera apatseni ndiwo zina. Njere za chitsulo wamba zilipo, koma ndi zopepuka, zimafuna kuyandikira, ndiponso zimatha kuononga paipi ya mfuti yakale yopanikiza kukamwa.

Mfuti zakale zili ndi msampha winanso. Zambiri zochokera ku Britain zinapangidwira zipolopolo za mainchesi 2 ndi theka. Chipolopolo chachitali chimatha kulowa bwinobwino, chifukwa kutalika kwake amayeza chitatseguka, koma pophulika chimasowa malo ndipo mphamvu imachuluka mkati. Werengani zolembedwa papaipi musanagule bokosi. Musasungenso za geji 20 ndi za geji 12 m'thumba limodzi. Cha geji 20 chimatsetsereka nkukakamira mkati mwa paipi ya geji 12, munthu nkuika china pambuyo pake, mfuti nkuphulikira m'manja. Ndicho chifukwa chake makampani ambiri amapanga za geji 20 zachikasu.

Osaka nkhukundembo ali ndi lamulo lina limene analiphunzira ndi maliro. Savala zofiira, zoyera kapena zabuluu, poti ndiyo mitundu ya mutu wa tambala, ndipo saombera phokoso kapena kugwedezeka kwa tchire asanaone mbalame yonse ndi zimene zili kuseri kwake. Njere zimene zimasiya kupha bwino pa mayadi 40 zimapitirirabe kuuluka mayadi oposa 200, ndipo diso la munthu silifuna mphamvu zambiri kuti liphulike. Iwo amasaka m'nkhalango. Ife minda yathu ndi yogundana, muli ana oweta mbuzi, amayi othyola ndiwo, njira ya kuchitsime yadutsa pomwepo. Kunena zoona, m'midzi yambiri imene ndimayendamo mulibe malo okwanira kuomberamo mfuti ya geji iliyonse.

Chiphaso cha mfuti si chiphaso cha ulenje. Lamulo la nyama za kutchire la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limafuna chilolezo chakechake kuchokera ku nthambi yoona za nyamazi, ndipo kumeneko nkoyenera kukafunsa musanapereke ndalama kusitolo.

Bambo aja ndinawauzanso zimene sanafune kumva: nkhanga zimavuta mtedza makamaka masabata oyambirira, ndipo ndalama ya mfuti, chiphaso ndi zipolopolo ingalipire mlonda wa m'munda kwa zaka zingapo nkutsalako ya mbewu yabwino. Anandiyang'ana ngati ndawalanda nsima pakamwa. Akuti mtima wawo uli pamfuti basi. Ndiye tagwirizana kuti ziphaso zonse ziwiri zikatuluka asagule yoposa geji 20, ndipo tsiku loyamba sitipita kumunda. Tikakumana kuchulu chachikulu cha kumalire a munda wawo, iwo abweretse mapepala a matumba a simenti, ine ndibweretsa tepi yoyezera ndi pensulo.